Pulogalamu yolondolera njira iziyesedwa pa foni ya kwa Mlonyeni

Msewu wa phula wochokera ku Lilongwe, kudzera ku Namitete ndi pa Kamwendo mpaka pa boma la Mchinji, mtunda wa makilomita pafupifupi 110, umaoneka bwino pa mapu a foni ina iliyonse. Vuto limayamba galimoto ikangosiya phula n'kulowa m'misewu ya fumbi yopita m'midzi ya kwa Inkosi Mlonyeni. Kumeneko ndi kumene dalaivala wa ambulansi, mwini lole yokatenga mtedza ndi soya, mlangizi wa zaulimi amene wangotumizidwa kumene ndiponso wakabaza wonyamula mlendo amafunitsitsa chowalondolera njira, koma ndi komwekonso kumene pulogalamu ya mapu imakonda kukana. Ina siitseguka n'komwe, ina imangoonetsa kadontho pa sikirini yopanda kanthu, ina imati foniyo ndi yakale. Zikatere timafulumira kunena kuti netiweki yavuta kapena kuti foni ndi yachabechabe. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti nthawi zambiri kulephera kumeneku kumakhala kutakonzedwa kale, pa tsiku limene wopanga pulogalamu anasankha zida zoimangira ndi mtundu wa mafoni amene adzaiyeserepo. Poti anasankha ndi munthu, n'zotheka kusankha mwina, ndipo amene amalipira ntchito zimenezi m'Malawi muno ali ndi mphamvu yolamula kuti zisinthe.

Tiyambe ndi chimene ambiri sachidziwa: kuti foni idziwe pamene ili, sipafunika bandulo. Masetilaiti a GPS, omwe ndi a dziko la America, amazungulira dziko lapansi ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 m'mwamba, ndipo setilaiti iliyonse imaulutsa nthawi yake ndi malo amene yafika. Kachipangizo ka m'foni kamangomvetsera. Kakalandira uthenga wa masetilaiti 4 kapena kuposerapo, kamawerengetsa nthawi imene uthenga uliwonse watha panjira, n'kupeza pamene mwini foni waima. Kuyambira mu Meyi 2000, pamene America inasiya kusokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, foni yomwe ili pamtetete imatha kuloza malo mosaphonya ndi mamita oposa 5 kwenikweni. Lero kuli masetilaiti enanso: GLONASS ya ku Russia, Galileo ya maiko a ku Ulaya imene inayamba ntchito mu 2016, ndi BeiDou ya ku China imene inamalizidwa mu 2020. Intaneti imangothandiza kuti foni ipeze masetilaitiwo msanga. Popanda iyo imawapezabe, kungoti pamatenga kanthawi. Choncho kumwamba sikunamane anthu a kwa Mlonyeni kanthu kalikonse, ndipo kumudzi kulibe ngakhale nyumba zitalizitali zimene zimatchinga uthenga m'mizinda ikuluikulu.

Komabe chimene masetilaiti amapereka ndi manambala awiri okha osonyeza malo. Kuti manambalawo asanduke malangizo akuti khotani kumanzere mukawoloka mlatho, pamafunika mapu okhala ndi misewu, komanso pulogalamu yojambula mapuwo pa sikirini, yosankha njira ndi yolankhula. Palibe wopanga mapulogalamu, kaya wa ku Lilongwe kaya wa ku Nairobi, amene amalemba zonsezi yekha kuchokera pansi. Amatenga zida zokonzeratu zimene makampani ndi magulu ena amapereka, zomwe m'ntchito yawo amazitcha SDK, n'kumangapo pulogalamu yake. Zili ngati mmisiri womanga nyumba amene amagula mafelemu a zitseko opangidwa kale: felemu ikangomangiriridwa m'khoma, yalamuliratu kukula kwa chitseko ndi katundu amene angalowe m'nyumbamo. SDK nayo imabwera ndi miyeso yake. Imanena mtundu wa Android wotsikitsitsa umene ingagwirepo ntchito, zinthu zina zimene ziyenera kukhala m'foni, ngati mapu angasungidwe m'foni kapena ayi, ndiponso ndalama zimene mwini pulogalamu azilipira anthu akamaigwiritsa ntchito. Mlimi kapena dalaivala saziona zonsezi, koma ndi zimene zimagamula ngati pulogalamuyo idzatseguke m'manja mwake.

Malire amene amakwera chaka ndi chaka

Zida za mapu zimene ambiri amathamangira ndi za Google, ndipo m'pomveka chifukwa n'zosavuta kuphunzira komanso zili ndi malangizo ambiri. Koma zida zimenezi zimadalira pulogalamu ina yobisika m'foni yotchedwa Google Play services, ndipo malire ake amakwera. Google inasiya kuitumiza yatsopano ku mafoni a Android 4.1 mpaka 4.3 mu 2021, ku a Android 4.4 mu 2023, ndi ku a Android 5 mu 2024. Si Google yokha: mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni osafika pa Android 5. Palinso chotchinga china chosaoneka. Kuyambira mu 2024, mafoni osafika pa Android 7.1.1 sazindikira paokha zikalata za chitetezo za bungwe la Let's Encrypt, zimene makompyuta ambiri osunga zinthu pa intaneti amagwiritsa ntchito, moti pulogalamu ikhoza kutseguka koma n'kulephera kukoka mapu ngati woipanga sanaganizireko zimenezi. Wina anganene kuti Android 5 ndi wa mu 2014, wakalamba. N'zoona, koma mafoni otsika mtengo ambiri amakhala ndi Android yemwe anagulidwa naye mpaka kufa kwawo, ndipo kwathu kuno foni siifa msanga: ikachoka kwa mwini wake woyamba m'tauni imapita kwa mbale wake kumudzi, imasinthidwa batire ndi sikirini, n'kumatumikirabe.

Ngakhale mafoni atsopano sali ofanana. Boma la America litaika kampani ya Huawei pa mndandanda wa makampani oletsedwa mu Meyi 2019, mafoni atsopano a kampaniyi, kuyambira pa Mate 30, anayamba kutuluka opanda zinthu za Google, ndipo pulogalamu yomangidwa pa mapu a Google siionetsa mapu pa mafoni amenewa ngakhale ali amphamvu chotani. Kumbali ina kuli mafoni a itel, Tecno ndi Infinix, onse a kampani ya Transsion ya ku China, amene adzaza m'misika yathu. Otsika mtengo mwa iwo ambiri amayendera Android Go, mtundu wopepuka umene unayamba mu 2017 pofuna kuthandiza mafoni a memore ya gigabaiti imodzi kapena kucheperapo. Pulogalamu yolondolera njira ndi yolemera mwachibadwa: imajambula mapu mosalekeza, imamvetsera masetilaiti, imasunga sikirini yoyaka. Pa foni ya memore yochepa, munthu akangotuluka pang'ono kuti ayankhe uthenga, Android amatha kuitseka pulogalamuyo pofuna malo, ndipo ngati sinalembedwe mosamala, njira yonse imene inkalondoledwa imatayika. Wopanga pulogalamu amene amaiyesera pa foni yake yodula ali mu ofesi ya Wi-Fi sadzakumana ndi vuto limeneli ngakhale tsiku limodzi, ndipo adzanena ndi mtima woona kuti zonse zili bwino.

M'kati mwa mafoni mulinso kusiyana. Mafoni ambiri otsika mtengo alibe kampasi, choncho muvi wa pa mapu sudziwa kumene munthu wayang'ana mpaka atayamba kuyenda. Pulogalamu yabwino iyenera kuzindikira zimenezi n'kumuuza kuti ayende pang'ono. Mafoni omvetsera masetilaiti pa mafunde awiri, amene amaloza malo bwino kwambiri, anayamba kugulitsidwa mu 2018 ndi Xiaomi Mi 8, ndipo mpaka pano amapezeka makamaka pakati pa mafoni odula. Zida zina zikalephera kumva masetilaiti msanga zimangoyerekeza malo potengera nsanja ya netiweki imene ili pafupi, ndipo kumudzi kumene nsanja zili patalipatali kuyerekeza koteroko kumatha kuphonya ndi makilomita. Izi zimapweteka kwambiri foni ikagwiritsidwa ntchito poyeza minda. Ekala imodzi ndi munda wa mamita pafupifupi 64 m'litali ndi 64 m'lifupi. Foni ikawonjezera mamita 5 ku mbali ziwirizi, mundawo wakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6, ndipo ngati mbewu, feteleza wa ngongole kapena zokolola zoyembekezeka zikuwerengedwa potengera muyeso umenewo, mlimi ndi amene adzasenze kulakwako. SDK iliyonse imauza pulogalamu kukula kwa chikayiko pa malo amene yapeza. Kuonetsa nambala imeneyo kwa wogwiritsa ntchito, kapena kuibisa, ndi chosankha cha wopanga pulogalamu.

Tsono tiike zonsezi pambali pa moyo wa anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Mchinji, ambiri mwa iwo alimi a kumudzi, ndipo m'dziko lonse nyumba zounikira ndi magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse, kumidzi n'kukhala zochepa kwambiri kuposa pamenepo. Kafukufuku wa ofesi ya National Statistical Office ndi bungwe la MACRA wa mu 2019 anaonetsa kuti Amalawi okhala ndi foni anali osakwana theka, ndipo ogwiritsa ntchito intaneti anali osakwana 15 pa 100 alionse. Chiwerengerochi chakhala chikukwera, koma mtengo wa foni wakweranso, makamaka kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene amalipira kuti atchajitse foni pa sola ya pa golosale, amene amagula bandulo ya tsiku limodzi akakhala ndi chifukwa, sangagule foni ina chifukwa chakuti pulogalamu yakana. Amangoisiya pulogalamuyo, ndipo lipoti la polojekiti limadzalemba kuti anthu akumudzi sanailandire bwino.

Dera la kumalire lili ndi zofuna zake

Kukhala kumalire kumawonjezera mfundo ina. Anthu a ku Mchinji ndi a ku Chipata ndi amodzi pa ubale, pa malonda ndi pa miyambo. Angoni a kwa Mlonyeni amapita ku Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale, Achewa amadutsa pomwepa popita ku Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete mwezi wa Ogasiti, njanji inafika ku Chipata mu 2010, ndipo pano chipata cha Mchinji ndi Mwami chimagwira ntchito ngati malo amodzi oonetserapo zikalata. Munthu akangowoloka, bandulo yake ya Airtel kapena TNM ya ku Malawi siimuthandizanso monga kwawo, ndipo m'midzi ya m'mphepete mwa malire foni imatha kulumphira pa netiweki ya ku Zambia mwini wake asanasunthe. Choncho pulogalamu yoyenera dera lino ndi yosunga mapu a mbali zonse ziwiri m'foni momwemo. Apa ndi pamene kusankha SDK kumaonekera poyera. Pulogalamu ya Google Maps yeniyeniyo imalola munthu kusunga mapu a dera, ngakhale popanda intaneti imalondolera oyenda pa galimoto okha, osati apanjinga kapena apansi. Koma malamulo a Google salola wopanga pulogalamu ina kukopera mapuwo n'kuwasunga mu pulogalamu yake. Amene wamanga pa zida zimenezi wamangirira anthu ake ku bandulo kuyambira tsiku loyamba.

Palinso nkhani ya ndalama zakunja. Kuyambira mu 2018, wofuna kugwiritsa ntchito zida za mapu za Google ayenera kulembetsa akaunti yolipirira, ndipo akapyola mlingo waulere amalipira m'madola. M'dziko limene ndalama zakunja zimasowa ngakhale zogulira mafuta ndi mankhwala, pulogalamu ya kopaletivi kapena ya khonsolo imene moyo wake ukudalira khadi la madola imakhala pa chiopsezo tsiku limene opereka thandizo atseka polojekiti. Njira ina ilipo. OpenStreetMap, imene Steve Coast anayambitsa ku Britain mu 2004, ndi mapu a dziko lonse lapansi amene aliyense akhoza kuwonjezerapo ndi kuwakopera mwaulere. Mapulogalamu monga OsmAnd ndi Organic Maps amasunga mapu a Malawi ndi a Zambia m'foni n'kulondolera woyenda pa galimoto, pa njinga kapena pansi popanda intaneti. Mu 2020, kampani ya Mapbox itasintha laisensi ya zida zake zatsopano, opanga mapulogalamu anatenga zakale zimene zinali zotseguka kwa onse n'kuzipitiriza pa dzina la MapLibre. Zida zowerengera njira monga GraphHopper, Valhalla ndi OSRM zimalola munthu kukonza malamulo ake, mwachitsanzo akuti lole isadutse m'kanjira kamene njinga yamoto imadutsa. Zimenezi sizibwera popanda thukuta, pakuti pamafunika munthu wokonza mafayilo a mapu ndi kuwatsitsimutsa, koma thukutalo limalipidwa m'makwacha, kwa Mmalawi.

Ngakhale njira imene pulogalamu imafikira m'foni iyenera kuganiziridwa. Kumidzi anthu ambiri sakoka mapulogalamu pa Google Play. Amapatsana foni ndi foni, kapena amawaikitsa kwa anyamata owotcha nyimbo ndi mafilimu pa msika. Koma kuyambira mu Ogasiti 2021, mapulogalamu atsopano a pa Google Play amatumizidwa m'njira yakuti foni iliyonse imalandira zidutswa zoyenerera iyo yokha, ndipo fayilo yotengedwa mu foni ina nthawi zambiri imakana kulowa mu inzake. Wopanga pulogalamu wodziwa kwawo amakonzanso fayilo imodzi yathunthu, yosainidwa bwino, imene ikhoza kuyenda pa memore khadi pamodzi ndi mapu ake, kuti mlangizi mmodzi akaitenga pa boma akagawire anzake onse popanda kuwononga mayunitsi.

Zimene otsutsa anganene

Wina adzati zonsezi n'zosafunika, chifukwa kufunsa ndi kudziwa njira, ndipo palibe mwana wa kwa Mlonyeni amene angasokere kwawo. Mawuwa ndi oona, ndipo pulogalamu imene ingayese kulowa m'malo mwa nzeru za eni dera idzalephera. Koma mapu sapangidwira wodziwa njira. Amapangidwira thandizo lochokera kunja kuti limupeze iyeyo. Dalaivala wa ambulansi woitanidwa pakati pa usiku, mvula ili mkati, sapeza womufunsa pa mphambano. Wogula mbewu amene sakudziwa ngati lole yake ingafike pa nkhokwe ya kalabu amangoima pa phula, ndipo mlimi amagulitsa motchipa kwa vendala kapena kulipira ngolo. Komanso ntchito zambiri za boma zayamba kale kudalira malo olembedwa ndi GPS. Kalembera wa 2018 anachitika ndi matabuleti, alangizi a zaumoyo m'maboma ena akulemba mabanja mu pulogalamu ya iCHIS, ndipo lamulo la malo a makolo la 2016 limafuna kuti malire a malo ayezedwe asanalembetsedwe. Maiko a ku Ulaya nawo anakhazikitsa lamulo mu 2023 lofuna kuti mbewu monga soya ndi khofi zolowa kumeneko zizisonyeza malo enieni a munda umene zachokera. Mudzi umene zida zimenezi sizigwira ntchito umakhala wovuta kuuwerengera pogawa zinthu.

Wina, makamaka wodziwa za makompyuta, adzati mafoni akale ali ndi mipata imene akuba angalowerepo, ndipo kusamalira mitundu yambirimbiri ya Android kumadya nthawi ndi ndalama. Apanso pali choona, ndipo palibe amene akunena kuti foni iliyonse isamalidwe mpaka kalekale. Funso ndi lakuti malirewo aikidwa ndi yani, potengera chiyani. Makampani akuluakulu amadula mzere poona mafoni a dziko lonse lapansi, ndipo kagawo kakang'ono kamene amakasiya kunja sikamwazikana mofanana: kamaunjikana m'madera osauka ngati athu. Amene akupangira pulogalamu alimi a ku Mchinji ayenera kuwerenga mafoni a ku Mchinji, ntchito imene ingatheke pa misonkhano ingapo ya makalabu, kenaka n'kusankha zida zogwirizana ndi zimene wapeza. Pa za chitetezo, mapu osungidwa m'foni amachepetsa chiopsezo, chifukwa foni siikhala ikulumikizana ndi intaneti nthawi zonse. Ndipo n'zotheka kulekanitsa ntchito: gawo longoonetsa njira ligwire pa mafoni ambiri, pamene gawo losunga zinsinsi za odwala kapena za ndalama likhale pa mafoni amene bungwe lagula ndi kuwayang'anira.

Chotsutsa chachitatu ndi chakuti mapu ojambulidwa ndi anthu ongodzipereka sangafanane ndi a kampani yaikulu. M'mizinda, pofuna sitolo kapena malo odyera, nthawi zambiri mapu a kampani amapambanadi. Koma kumudzi mapu alionse amakhala ndi mipata, ndipo chofunika ndi chakuti ndani angathe kuitseka. Malawi ali nacho chitsanzo. Mu 2014, m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa, ophunzira, ogwira ntchito m'boma ndi eni dera anajambula midzi, misewu ndi nyumba mu OpenStreetMap mothandizidwa ndi gulu la Humanitarian OpenStreetMap Team ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, ndipo madzi osefukira a mu Januwale 2015 atabwera, mapuwo analipo kale. Chithunzi cha setilaiti chimaonetsa kuti pali msewu, koma sichidziwa kuti msewuwo umadutsa m'dambo losadutsika nthawi ya dzinja, kuti pa mtsinje palibe mlatho, kapena kuti mudzi umene kalata za boma zimautchula mwina eni ake amautchula mwina. Zimenezi amadziwa ndi akabaza, mafumu ndi azamba, ndipo OpenStreetMap ili ndi malo olembapo mtundu wa msewu, madooko ndi maina angapo a malo amodzi. Posonkhanitsa mapu pafunikanso dzanja la katswiri: mapu akale a nthambi yoona zoyeza malo anajambulidwa pa muyeso wa Arc 1950, pamene GPS imayendera WGS 84, ndipo kusakaniza ziwirizi osasintha manambala kumasuntha malo ndi mamita oposa 100, mtunda wokwanira kuyambitsa mlandu wa malire a munda.

Palinso amene adzati tingodikira, netiweki ikukula ndipo mafoni abwino adzatsika mtengo. Netiweki ikukuladi, koma taona kale kuti malire a zida nawo akukwera, moti foni imene ikukwanira lero idzakhala itatsalira zaka zochepa zikubwerazi. Wosauka amagula foni yotsika kwambiri pa msika n'kuisunga nthawi yaitali kwambiri, choncho nthawi zonse amakhala pafupi ndi mzere wodulira. Kudikira sikuthetsa vutoli. Komanso pali anthu ambiri amene foni yawo ndi ya mabatani, ndipo nawo akhoza kufikiridwa. Mu 2014 Google inatulutsa njira yaulere yolembera malo ndi zilembo ndi manambala ochepa, imene pano imatchedwa Plus Codes. Zizindikiro 10 zimaloza kamalo ka mamita pafupifupi 14 mbali zonse, ndipo zimawerengedwa popanda intaneti. Nambala yoteroyo ikhoza kulembedwa pa khoma la sukulu, la chipatala chaching'ono kapena la nyumba ya mfumu, ndipo munthu wa foni ya mabatani akhoza kuitumiza pa uthenga wamba kwa dalaivala. Anthu amene anazolowera kutumiza ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba pongodina manambala sangalephere zimenezi. Njira yotere siilanda malo a ntchito yokhazikitsa maadiresi a dziko lonse imene MACRA ikutsogolera. Imangothandiza pamene ntchitoyo isanafike.

Nkhawa imodzi yokha ndi imene siyenera kuyankhidwa mopepuka, ndiyo ya zinsinsi. Pulogalamu yodziwa pamene munthu ali imadziwanso kumene amagona, kumene amapemphera ndi chipatala chimene amapitako, ndipo SDK zina zimatumiza zina mwa zimenezi kwa eni ake. Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 limaika udindo pa aliyense wosonkhanitsa zinthu zotere m'Malawi, ndipo bungwe silingadzikhululukire ponena kuti silinadziwe zimene zida za mu pulogalamu yake zimachita. Apanso mapu osungidwa m'foni ali ndi ubwino, popeza njira imawerengedwa m'foni momwemo osauza wina aliyense kumene munthu akupita. Chilolezo chimene munthu amapereka chikhale m'chilankhulo chimene amamva, chimodzimodzinso malangizo a njira. Ziganizo zolondolera n'zochepa, khotani kumanja, pitirirani, mwafika, ndipo zikhoza kujambulidwa ndi mawu a munthu m'Chichewa n'kuikidwa mu pulogalamu, bola zida zosankhidwazo zikhale zolola kusintha mawu.

Zoyenera kulembedwa mu mgwirizano

Boma la Mchinji lili ndi mbiri yoyesera zinthu zimene pambuyo pake zinafalikira dziko lonse: Mtukula Pakhomo anayambira kuno mu 2006. Likhozanso kukhala malo oyesera lamulo losavuta lakuti pulogalamu iliyonse yodalira mapu, yolipiridwa ndi boma, khonsolo, bungwe kapena kopaletivi, isalandiridwe isanayesedwe kumudzi. Mu mgwirizano ndi wopanga pulogalamu mulembedwe maina a mafoni enieni amene iyenera kugwirapo ntchito, kuphatikizapo a Android Go ndi opanda zinthu za Google. Mulembedwe kuti iziyenda tsiku lathunthu intaneti itazimitsidwa, kuti izikhala ndi mapu a kutsidya kwa malire, kuti izionetsa kukula kwa chikayiko pa malo alionse amene yalemba, kuti itha kugawidwa pa memore khadi, ndiponso kuti ndi ndalama zingati, za dziko liti, zimene zidzafunike chaka chilichonse opereka thandizo akadzachoka. Misewu ndi maina zimene zasonkhanitsidwa ndi ndalama za anthu zibwezedwe ku mapu otseguka kuti wotsatira asadzayambirenso. Aphunzitsi a ku MUBAS, MUST, UNIMA ndi Mzuni, pamodzi ndi malo osulira achinyamata monga mHub, aphunzitse ophunzira awo kusunga foni yotsika mtengo pa desiki ndi kuiyesa tsiku ndi tsiku. Ndipo inu mafumu, makhansala ndi atsogoleri a makalabu a kwa Mlonyeni, akabwera alendo ndi pulogalamu yatsopano, musavomere kuionera pa foni yawo. Apatseni foni ya mlimi wanu, muzimitse intaneti, akulondolereni nayo mpaka ku chipatala. Ikalephera, muwabweze akaikonze.